Lole yanga inagwidwa pa mlandu wa munthu wina, khoti ndi limene linandibwezera

Ndine mayi wamasiye wa ku Lilongwe, ndipo banja langa limadyera lole ya matani atatu. Nthawi yokolola imatuta soya, mtedza ndi chimanga m'misika ya ku Mitundu, Nsundwe ndi Mpingu kubwera nazo m'tauni, mvula ikayandikira imanyamula feteleza. Loleyo inakhala pafupifupi chaka ili chiimire pabwalo la ofesi ina ya boma, pa mlandu wa munthu amene ndinangokumana naye pogula loleyo. Ndaganiza zolemba zimene ndinadutsamo chifukwa masiku ano boma likugwira katundu wa anthu oganiziridwa kuti anasolola ndalama zake, ndipo katundu wa anthu oterowo sakhala m'manja mwawo mokha. Amagulitsa magalimoto, mapuloti ndi nyumba, ogulawo n'kukhala ife.

Ndinene poyera kuti ine sindili kumbali ya akuba. Ndinalipo mu 2013 pamene nkhani ya Cashgate inaphulika, a Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, atawomberedwa pageti la nyumba yawo mu Seputembala, kenako n'kuyamba kumveka za ogwira ntchito m'boma opezeka ndi mamiliyoni m'mabuti a galimoto. Akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly anapeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala, ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka mwachinyengo, zina zikulipidwa ku makampani amene sanapereke kanthu kalikonse ku boma. Mayiko otithandiza, amene ankathira pafupifupi 40 peresenti ya bajeti, anaimitsa thandizo lawo. Amene tinamva kuwawa ndife oima pamzere kuchipatala n'kuuzidwa kuti mankhwala mukagule nokha. A Oswald Lutepo atalamulidwa mu 2015 kukakhala kundende zaka 11 pa mlandu wa K4.2 biliyoni, funso la aliyense mu minibasi linali limodzi: nanga ndalamazo zibwerera? Ndinali mmodzi mwa ofunsawo, ndipo mpaka lero ndimafuna tambala iliyonse yobedwa ibwerere.

Bambo a kunyumba atamwalira, kuntchito kwawo anandipatsa ndalama zawo za penshoni. Titakhala pansi ndi abale tinagwirizana kuti ndalamazo zisathere pa ndiwo ndi lendi. Achimwene anga akhala akuyendetsa malole a anthu kwa zaka zambiri, ndiye tinati tigule yathu, iwo aziyendetsa, ine ndiziona za mahayala ndi ndalama. Mu 2021 tinaona lole ikutsatsidwa pa Facebook. Mwini wake anali bambo wa bizinesi, wolankhula modekha, ali ndi ofesi yake m'tauni. Anati akugulitsa malole akale kuti agule aakulu. Tinapita ndi makaniko, anaiyang'ana injini, anaiyendetsa, n'kunena kuti mtengo wake ndi womwewo umene malole otero akugulidwira. Mwini wakeyo anati ndikapereka ndalama pamanja andichotserako pang'ono. Ine ndimaopa kuyenda ndi ndalama zambiri m'chikwama, choncho ndinatumiza kudzera kubanki, kuchoka mu akaunti yanga kupita mu akaunti ya kampani yake. Tinalemberana pepala la mgwirizano, mboni ziwiri n'kusaina, ndipo sabata yomweyo tinakasintha umwini ku Road Traffic. Bulubuku inatuluka m'dzina langa, ndinalipira inshuwalansi, COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, inalipo. Loleyo inagwira ntchito bwino miyezi ingapo, ana sukulu fizi sinkavutanso.

Kumayambiriro kwa 2022 kunabwera anthu kunyumba m'mamawa, achimwene akutenthetsa injini. Anaonetsa zitupa zawo za kuntchito ndi chikalata cha Chingerezi chokhala ndi chidindo cha khoti. Pa mndandanda wa katundu wolembedwa pamenepo panali nyumba, mapuloti, maakaunti a kubanki ndi magalimoto, ndipo nambala ya lole yanga inali pomwepo. Achimwene anapsa mtima, akuti makiyi sapereka. Ndinawagwira dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, apatseni. Tikalimbana pano tidzipalira mlandu wina." Ndinapempha kuti andisiyire kope la chikalatacho, ndipo anandisiyira. Mwana wa achimwene, amene amathandiza kukweza katundu, anajambula loleyo pafoni mbali zonse, m'kati momwe, isanatuluke pageti. Nthawi imeneyo ndinaona ngati akungochita zachinyamata, koma zithunzizo zinadzagwira ntchito patsogolo.

Chimene chinandipweteka kuposa njala ndi pakamwa pa anthu. Tsiku lisanathe, dera lonse linali litamva kuti lole ya mayi uja ndi ya ndalama zakuba. Ena ankanong'onezana kuti ndinali chibwenzi cha mkulu wondigulitsa lole uja n'chifukwa chake anandilembetsera galimoto. Ndinali ndisanathe n'komwe kulira mwamuna wanga. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo, mapemphero akatha n'kutuluka msanga.

Masabata oyamba ndinkapita ku ofesi imene inatenga loleyo. Sinditchula dzina lake, chifukwa mabungwe a boma ogwira ntchito yotere alipo angapo ndipo cholinga changa si kunyoza aliyense. Tsiku lina ndinkauzidwa kuti abwana kulibe, tsiku lina kuti ofufuza ali kunja kwa tauni. Bambo wina wachikulire pamenepo ndi amene anandiuza zoona. Anati, "Mayi, musamatope ndi kubwera kuno. Nkhaniyi ili m'manja mwa khoti. Ngakhale abwana atakumverani chisoni, sangakupatseni makiyi." Ndinabwerera ndili wokhumudwa, ndikuganiza kuti akungondithamangitsa mwaulemu. Masiku omwewo kunabwera foni ya munthu wosamudziwa. Ankadziwa dzina langa ndi nambala ya lole, ndipo anati ali ndi anthu ake m'kati, ndikangotumiza kangachepe pafoni loleyo ituluka usiku womwewo. Ena mwa abale anati tiyese. Ndinakana, poyamba chifukwa ndinalibe ndalamazo, komanso mtima unkandiuza kuti ndi dobadoba. Pambuyo pake ndinadzamva kwa a loya kuti ndikanatumiza, ndikanakhala ndapalamula mlandu wa ziphuphu, ndipo ndikanapatsa boma umboni woti ndinedi wa gulu lomwelo.

Loyayo ndinamupeza kudzera mwa mayi wina wa mvano, amene mwana wa mchemwali wake anaphunzira zamalamulo ku Chancellor College. Ndi mtsikana ndithu, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, koma anandikhazika pansi n'kundifotokozera zinthu mwa Chichewa chomveka. Anavomera kuti ndizilipira pang'onopang'ono. Amene alibiretu poyambira apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma loyimira anthu osowa ndalama za loya, lomwe lili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena. Chinthu choyamba chimene anapempha ndi kope lija. Analiwerenga, n'kutenga kalendala, n'kuyamba kuwerenga masiku ndi cholembera. Kenako anati, "Mayi, mwachita bwino kubwera lero. Mukanadikira mwezi wina tikanayamba ndi kupepesa khoti."

Zimene anandiphunzitsa tsiku limenelo ndi zimene ndikufuna aliyense adziwe. Si chikalata chilichonse chogwirira katundu chimene chili chofanana ndi chinzake, ndipo chilichonse chili ndi malire ake. Pali chikalata chimene mkulu wa bungwe lothana ndi katangale la ACB amatulutsa yekha potsatira gawo 23 la Corrupt Practices Act, lamulo la 1995. Chimenecho chimaletsa munthu kugulitsa, kusamutsa kapena kukhudza katundu kapena akaunti imene ikufufuzidwa. Mphamvu yake ndi ya miyezi itatu. Akafuna kuwonjezera nthawi amayenera kupita kwa majisitireti kukafotokoza chifukwa chake, ndipo amene chikalatacho chamupweteka angathe kupita ku High Court kukapempha kuti chichotsedwe kapena chisinthidwe. Ndiye pali china, chimene chinandigwera ine, chotchedwa preservation order, cha pansi pa Financial Crimes Act ya 2017, lamulo lomwe linakhazikitsanso bungwe la Financial Intelligence Authority. Chimenechi amatulutsa ndi khoti, boma likapempha, ndipo amachitulutsa mwini katundu kulibe. Poyamba zimenezi zinandikwiyitsa. A loya anandifunsa kuti, "Nanga akanamuuziratu mkuluyo kuti Lachisanu tikubwera, pofika Lachinayi kukanatsala chiyani?" Ndinaona kuti ndi zoona.

Chikalata chimenechi si chigamulo chomaliza. Chimangoti katundu aime pamene ali. Boma limayenera kudziwitsa aliyense amene likudziwa kuti katunduyo akumukhudza, ndi kulengeza mu Gazette, chikalata cha zidziwitso za boma, kapena m'manyuzipepala. Likatero lili ndi masiku 90 oti libwerere kukhoti kukapempha kuti katunduyo alandidwe kotheratu akhale wa boma. Likapanda kutero, chikalatacho chimatha mphamvu. Ndipo munthu amene akuti katunduyo ndi wake amayenera kudziwitsa khoti msanga kuti akutsutsa. Masiku ake ndi owerengeka, n'chifukwa chake a loya anathamangira kalendala. Anthu ambiri amataya katundu pamenepa. Amakhala akuzungulira m'maofesi, akufunafuna wachibale wodziwana ndi abwana, masiku a kukhoti akutha.

China chimene chinandidabwitsa n'choti mlandu wotere ndi wa katundu, si wa munthu. Boma silidikira kuti munthu apezeke wolakwa n'kumangidwa. Limangoyenera kukhutiritsa khoti kuti, poyeza mbali zonse, n'zoonekeratu kuti katunduyo anachokera m'ndalama zakuba kapena anagwiritsidwa ntchito pakubapo. Ambiri tinamva za njira imeneyi koyamba mu February 2021, pamene High Court inalola boma kugwira magalimoto, nyumba ndi maakaunti okhudzana ndi a Norman Chisale, amene anali woteteza mtsogoleri wa dziko a Peter Mutharika, ndipo maloya awo anakatsutsa kukhoti monga mwa ufulu wawo. Cholinga cha lamuloli ndi chomveka: wakuba angathe kumwalira, kuthawa kunja kapena kubisa chuma m'maina a ena, ndipo chumacho chisapulumuke naye. Koma mphamvu yotere ndi yoopsa ikakhala yopanda woiyang'anira. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 28, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi katundu ndipo asalandidwe mwachisawawa. Gawo 43 limati ofesi ya boma ikachita chinthu chokhudza ufulu wako ichite motsata malamulo, mwachilungamo, ndipo ikupatse zifukwa molemba. Gawo 108 limapatsa High Court mphamvu younika zimene boma lachita. Mawu amenewa ndinkawamva pawailesi ngati nkhani za andale. Anasanduka anga tsiku limene ndinaona kuti pakati pa ine ndi ofesi yamphamvu ija palibe wina aliyense koma jaji.

Lamulo lomwelo la 2017 lili ndi khomo la anthu onga ine. Ngati unapeza katunduyo movomerezeka, unalipira mtengo woyenera, ndipo sunkadziwa komanso unalibe chifukwa chokayikirira kuti anachokera m'zakuba, ungapemphe khoti kuti gawo lako lichotsedwe pa katundu wolandidwa. Koma umboni wake ubweretse ndiwe. Kulira kokha sikukwanira. Tinalemba chikalata cholumbira chofotokoza zonse, kuyambira imfa ya bambo. Tinaikapo kalata ya kuntchito kwawo yosonyeza ndalama za penshoni, sitetimenti ya kubanki yosonyeza tsiku limene ndalamazo zinalowa ndi tsiku limene zinatuluka kupita ku kampani ya wogulitsa, pepala la mgwirizano, bulubuku, malisiti a inshuwalansi, ndi chithunzi cha malonda aja a pa Facebook chimene achimwene anali atasunga mufoni. Makaniko uja analumbira chikalata chake chonena za mtengo. Ndinaperekanso kope langa la mahayala, mmene ndinkalemba ulendo uliwonse, dizilo ndi ndalama zolowa. A loya anati kopelo ndi lofunika kwambiri, chifukwa munthu wongobwereketsa dzina lake sadziwa kuti lole yapita kuti dzulo.

Kukhoti ndi kumene ndinamva koyamba chifukwa chimene anagwirira lole yanga, ndipo ndivomereze kuti sichinali chifukwa chopusa. Loya wa boma anafotokoza kuti wogulitsa uja ankaganiziridwa kuti analandira ndalama zambiri kuchokera ku nthambi ina ya boma pa katundu amene sanaperekedwe, ndipo atamva kuti akufufuzidwa anayamba kusintha maina pa katundu wake. Galimoto ina inalembedwa m'dzina la mlamu wake, ina m'dzina la wantchito wa pakhomo, puloti ina m'dzina la mwana wa sukulu. Pamndandanda womwewo, m'miyezi yomweyo, panali dzina langa. Ofufuza ataliona anati nayenso ndi mmodzi wa iwo. Ndikanakhala ine pampando wawo mwina ndikanakayikiranso. Cholakwika chawo chinali chakuti sanabwere kudzandifunsa, ngakhale loleyo atakhala nayo kale m'manja.

Pamenepo ndi pamene ndinaona ntchito ya jaji. Zonse zinkalankhulidwa m'Chingerezi, womasulira akundiuza m'Chichewa. A jaji sanakalipe ndipo sanatenge mbali. Ankangofunsa mafunso, limodzi ndi limodzi, akulemba. Anafunsa a boma ngati anali ndi umboni woti ine ndi wogulitsayo tinkadziwana malonda asanachitike. Anafunsa ngati akutsutsa sitetimenti ya kubanki. Anafunsa ngati ndalama zimene ndinalipira anazitsata kumene zinapita, popeza ngati loleyo inagulidwa ndi ndalama zakuba, ndalama zimene wogulitsayo analandira kwa ine ndi zimene boma liyenera kuzithamangira. Anafunsanso kuti loleyo ikusungidwa pati, ndani akuiyang'anira, ndipo pali mndandanda wa zimene zinali m'katimo pa tsiku loigwira. Loya wa boma anapempha nthawi yoti akafunse. Ine ndinali nditayenda miyezi kufunsa mafunso ngati omwewo osayankhidwa. Atafunsa a jaji, panaikidwa tsiku loti mayankho abwere molemba.

Inenso sanandisiye. Loya wa boma anandipanikiza ndi mafunso mpaka thukuta. Kodi simunadabwe kuti munthu akugulitsa malole angapo nthawi imodzi? Bwanji anakupemphani kulipira pamanja? Munafufuza chiyani za iye? A loya anali atandiuziratu kuti ndiyankhe zimene ndikudziwa basi, osakometsera, ndipo ngati sindikukumbuka ndinene kuti sindikukumbuka. Ndinanena kuti za kulipira pamanja anandipemphadi ndipo ndinakana. Mfundo imeneyo, imene ndinkaopa kuti indigwetsa, ndi imene inandithandiza.

Mlandu unkasunthidwa kawirikawiri, makamaka chifukwa maloya a wogulitsa uja ankabwera ndi mapempho atsopano nthawi iliyonse. Akuluakulu amati mlandu suola. Koma lole imaola. Nyengo yonse yokolola ya 2022 inadutsa ili pabwalo, anzathu akututa soya. Mu Meyi chaka chomwecho ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mitengo ya matayala ndi masipeya n'kukwera. Ndinayamba kugulitsa mandasi ndi makala pakhomo, achimwene n'kubwerera kukayendetsa za ena. Mwana wanga wamkazi anakhala temu imodzi osapita kusukulu. Powona zimenezi a loya anapempha khoti kuti lisinthe chikalata chija, loleyo ibwerere m'manja mwanga podikira chigamulo. Khoti linavomera, n'kuika malamulo ake: ndisaigulitse, ndisaichititse chikole, ndisatuluke nayo m'dziko, inshuwalansi ikhale yolipira, ndipo ndibwere nayo tsiku lililonse limene khoti laifuna. Anthu ambiri sadziwa kuti pempho lotere ndi lotheka. Funsani loya wanu za ilo kumayambiriro komwe.

Tsiku lokaitenga ndinalira. Udzu unali utamera mpaka m'magudumu. Matayala anali ataphwa n'kung'aluka ndi dzuwa, makoswe anadya mawaya, mavu anamanga zisa m'kati. Batire, jeke, tayala la sipeya ndi tenti yofundira katundu kunalibe. Tinachita kuikoka mpaka kugalaja. Chimene chinandisweratu mtima ndi magalimoto ena amene anali pabwalopo, ena odula kwambiri, atakhala pansi, dzimbiri litayamba. Ndinadzifunsa kuti ngati khoti lidzagamula kuti amenewa ndi a boma, boma lidzalandira chiyani? Zitsulo zogulitsa pa kilo. Ngati lidzagamula kuti abwerere kwa eni ake, adzasumira boma, ndipo chipukuta misozi chidzachoka m'misonkho yathu. Mbali zonse ziwiri woluza ndi Mmalawi. Kugwira katundu ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kumusamala, ndipo pamenepa ndikuona kuti makhoti ayenera kumalimbikira kufunsa malipoti, kulola kuti zinthu zoonongeka msanga zigulitsidwe ndalama zake n'kusungidwa, kapena kuzisiya m'manja mwa munthu wozisamala monga anachitira ndi ine.

Chigamulo chinabwera mu 2023. Khoti linapeza kuti ndinagula loleyo mwachilungamo, pa mtengo woyenera, ndi ndalama zodziwika kumene zinachokera, ndipo linaichotsa pamndandanda. Katundu wina wa mkuluyo, kuphatikizapo amene anabisidwa m'maina a abale, linalamula kuti akhale wa boma. Ndinakondwera ndi mbali zonse ziwiri za chigamulocho mofanana. Ndinapempha kope lokhala ndi chidindo, ndinachititsa mafotokope, lina limakhala mu lole momwemo chifukwa pamsewu ungakumane ndi wina amene anamva za kugwidwa koma sanamve za kumasulidwa. Lina ndinakawaonetsa abusa ndi amfumu a m'dera lathu, kuti dzina langa ndi la malemu bambo liyere.

Ndimamva anthu akudandaula pawailesi kuti makhoti ndi amene akutchinjiriza mbava, kuti munthu akangogwidwa amathamangira kukatenga chiletso. Dandaulo limeneli ndimalimvetsa, chifukwa ndinaona ndi maso anga mmene munthu wa ndalama amakokera mlandu. Koma khomo limene amalowera iwo ndi lomwelo limene ndinalowera ine. Mutalitseka, amene apwetekeke kwambiri si iwo, chifukwa ali ndi njira zina. Ndi mayi wa mandasi amene anagula lole. Ndipo maboma amasintha. Ofesi imene lero ikugwira katundu wa uyu mawa ingagwiritsidwe ntchito pozunza uyo, ngati palibe jaji wofunsa kuti umboni uli kuti. Chofunika ndi chakuti milandu yotere izithamanga. Mu 2022 kunakhazikitsidwa nthambi yapadera ya High Court yoona milandu ya zachuma, Financial Crimes Division, ndipo ndikukhulupirira kuti ikapatsidwa majaji ndi zipangizo zokwanira ithandiza pamenepa. Ndikanakondanso kuti ndalama ndi katundu wolandidwa, amene lamulo limati azipita ku thumba la Confiscation Fund, azilengezedwa poyera chaka ndi chaka: talanda zakuti, tagulitsa pa mtengo wakuti, ndalamazo zagwira ntchito yakuti. Chuma chimene chinabedwapo kamodzi chisabedwenso kachiwiri chili m'manja mwa ochilanditsa.

Kwa inu amene mukufuna kugula galimoto, puloti kapena nyumba kwa munthu: lipirani kudzera kubanki, ngakhale akulonjezeni kuchotsera. Lemberanani, pakhale mboni, ndipo sinthani umwini msanga. Mtengo ukatsika modabwitsa, kapena wogulitsa akamakufulumizitsani kuti zithe lero lomwe, bwererani kaye, chifukwa khoti lidzakufunsani ngati simunakayikire. Sungani umboni wa kumene ndalama zanu zinachokera, kaya ndi malisiti a fodya, kalata ya ngongole kapena buku la banki m'khonde. Ndipo musalole kuti katundu wa munthu wina alembedwe m'dzina lanu, ngakhale atakhala malume anu kapena abwana anu. Wantchito wa pakhomo uja, amene galimoto inalembedwa m'dzina lake, ndinamuona kukhoti akunjenjemera, akulephera kufotokoza ngakhale mtundu wa galimoto imene amati ndi yake.

Ngati abwera kale pakhomo panu, musalimbane nawo. Onani zitupa zawo, funsani chikalata, tengani kope, ndipo onani ngati chachokera kukhoti kapena ku ofesi. Lembani maina awo ndi kumene katundu akupita. Pemphani kuti alembe mndandanda wa zonse zimene atenga, musainirane. Jambulani zithunzi. Tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake pitani kwa loya, osadikira kuti muone kaye mmene zikhalire. Ngati ofesi yagwira katundu wanu popanda chikalata chilichonse, kapena nthawi ya chikalata yatha koma ikukanirirabe, pali njira yopempha High Court kuti iunike zimene ofesiyo yachita, ndipo nayonso ili ndi malire a miyezi itatu.

Za zinthu zimene zinasowa pabwalo paja, tsiku logwira loleyo sipanalembedwe mndandanda, ndiye poyamba a ofesi anati palibe umboni woti zinalimo. Zithunzi za mwana wa achimwene zinaonetsa tayala la sipeya lili pamalo pake ndi tenti itapindidwa kumbuyo, tsiku ndi nthawi zikuoneka. A loya anazitumiza pamodzi ndi kalata, ndipo a ofesi anayankha molemba kuvomera kuti zinthuzo zinasowa m'manja mwawo. Za ndalama zimene ndinaluza loleyo ili chiimire, a loya anandiuza mosabisa kuti ndi mlandu wina wapadera ndipo ndi wovutirapo, popeza boma linagwira loleyo ndi chilolezo cha khoti. Tinagwirizana kuti tipemphe chipukuta misozi pa zosowa ndi zoonongeka zokha, zimene tili ndi malisiti a kugalaja. Pempholo tinapereka ndipo likudikira tsiku lake.